Funso Limene Kompyuta Inadumpha

Katawa, Mzuzu
Lachinayi masana

Tadala mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi iwe uli ku saluni, kumene amayi ako akuti ukhalako mpaka dzuwa litapendeka chifukwa zoluka wasankhazo n'zing'onozing'ono. Kunja kukuwaza kamvula kathu kosatha kaja, ndipo chikwama chako chili pakhomo la chipinda chako, chotseka kale. Ukudabwa kuti adadi ako, amene amakuimbira foni uli m'nyumba momwemo, ayamba liti kulemba makalata. Ndikanati ndidikire madzulo, ndikanalepheranso kukuuza monga zakhalira zaka zonsezi. Ndiye werenga, ndipo uwerenge mpaka kumapeto usanakwiye kapena kundiseka.

Za anyamata, za mowa ndi za kupemphera, amayi ako akuuza kale mpaka makutu ako atopa. Ine ndili ndi nkhani imodzi yokha, ya ntchito imene ukupita kukaphunzira ku koleji ku Blantyre. Ikukhudza pulogalamu ija wandionetsa m'mawa uno, ya kaundula wa maliro, imene mlembi wa kutchalitchi akuti ayamba kuigwiritsa ntchito Lamlungu. Pulogalamu imeneyo isafike m'manja mwa mlembi momwe ililimu. Ndikuuza chifukwa chake, koma ndiyambira kutali, ndipo usadumphe ndime monga umachitira ndi mameseji anga.

Cholakwa changa choyamba chinali kudzimva. Nditafika kuno kuchokera ku Zomba, ndinali nditadziphunzitsa chinenero cholembera mapulogamu cha C m'buku long'ambika chikuto, ndipo ndinkayenda mutauni muno ngati makompyuta ndinawatulukira ndine. Iwe uli kumsana, mwini shopu ina ya mabokosi a maliro ku Mzilawaingwe anandipempha kuti ndimulembere pulogalamu yolandirira maoda a mitanda. Inkafunsa mafunso anayi motsatana: dzina la wooda, dzina la womwalira, chaka chimene anabadwa, ndi tsiku limene wamwalira. Powerenga mayankho ndinagwiritsa ntchito scanf, lamulo lija limatola mawu amodzi n'kuima pamene pali mpata. Ndinaiuza kuti dzina ndi mawu awiri, loyamba ndi la bambo, basi. Ndinaiyesa ndi zala zanga zomwe, Yohane Banda, Mariya Phiri, zonse zinayenda bwino, ndipo ndinapita kukamwa tiyi ndikuimba mluzu. Tandiuza iwe, ndani mutauni muno amatchulidwa ndi mawu awiri okha? Pali agogo, pali abusa, pali NyaUje, pali bambo a uje. Pulogalamu ukamaiyesa wekha imakumvera, chifukwa zala zako zimadziwa kale zimene ikufuna. Uziipereka kwa munthu amene sadziwa zimenezo, iwe n'kuika manja kumbuyo.

Chimene buku lija silinandiuze, kapena linandiuza patsamba limene linathothoka, n'chakuti mawu otsala sataika. Munthu akalemba mzere n'kudina Enter, mawu onse amakhala pamzere ngati matumba kuchigayo. Pulogalamu ikatengapo awiri, enawo amangodikira pomwepo. Funso lotsatira likabwera, silifunsanso munthu ayi, limangonyamula thumba limene lili kutsogolo, osaona kuti n'la ndani. Zimenezi uzikumbukire kuposa zonse zimene akakuphunzitse kumeneko. Werenga mzere wonse kaye, Tadala, kenako uziugawa uli nawo m'manja.

Cholakwa chachiwiri ndinkachiyesa nzeru. Amene ankalemba pakompyuta paja anali a Nyirenda, bambo wachikulire amene anapuma ntchito yauphunzitsi, mkulu wa mpingo, wovala jekete ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Bondo linkawavuta. Ndiye ine ndinakoka chingwe chachitali kuti pulinta ikhale kuseri, kumene kunkakhala munthu wolemba zilembo pamitanda, pepala lizitulukira pambali pake a Nyirenda osadzuka pampando. Aliyense ananditama. Koma zotsatira zake zinali zakuti wolemba pakompyuta sankaona pepala, ndipo woona pepala sankawadziwa anamfedwa. Pulogalamu nayo sinkabwereza kusonyeza zimene yamva. Mizere itatu yokha ikanakwana, yoti sikirini inene kuti womwalira ndi uyu, wooda ndi uyu, kodi n'zoona? Ndinaona ngati n'kutaya nthawi ya anthu achisoni.

Chachitatu ndi chimene chimandiwawa ndikamasamba m'mawa. A Nyirenda anandiuza, ndipo anandiuza kawiri. Koyamba anati makina aja nthawi zina amasokoneza mayina, kenako funso la chaka limayamba kuthamanga pasikirini lokha, kutsika, kutsika, osaima mpaka iwo atazula chingwe kukhoma. Ndinawayankha kuti akudina batani kawiri. Kachiwiri anandidikira pageti, chipewa chili m'manja, n'kunena mwaulemu wawo uja kuti mwina ndikhale nawo tsiku limodzi ndione mmene amalembera. Ndinali ndi ntchito ina kutauni. Ndinawauza kuti kompyuta silakwitsa, amalakwitsa ndi munthu, ndipo ndinanena mokweza kuti akalipentala amve. Anangothokoza kuti yewo, n'kubwerera mkati akutsimphina. Funso linkathamanga chifukwa pulogalamu inkafuna nambala koma kutsogolo kwa mzere kunali dzina, ndiye inkalephera, n'kuyesanso, n'kupezanso dzina lomwelo. Lamulo la scanf limakuuza zinthu zingati lakwanitsa kuwerenga, koma ine sindinkalifunsa n'komwe. Munthu akadzakuuza kuti pulogalamu yako ikuchita zachilendo, usadzayang'ane zala zake, ukoke mpando ukhale pambali pake.

Kenako anamwalira abusa a Mhango, a tchalitchi chimene amayi ako ankapemphera asanakwatiwe. Tsiku limenelo mushopu munadzaza, kunali maliro atatu. Akuluakulu a mpingo atabwera kudzaoda mtanda, anauza a Nyirenda kuti pa dzina la wooda alembe mkazi wa malemuwo, poti ndiwo anali eni maliro. A Nyirenda sakanatha kulemba dzina la mkazi wa m'busa lopanda ulemu, ngakhale pamakina. Analemba ndi chala chawo chimodzi, maso ali pakiyibodi: Mayi Busa Esnati Mhango. Mawu anayi. Pulogalamu yanga inatenga awiri oyamba n'kuti wooda ndi Mayi Busa. Funso la dzina la womwalira linangothwanima n'kudutsa, chifukwa linapeza mawu awiri akudikira kale. A Nyirenda podzutsa mutu anaona sikirini ikufunsa chaka chobadwa, anthu akuwapumira m'khosi, ndipo anaganiza kuti dzina la abusa alemba kale. Anafunsa chaka, anafunsa tsiku, analemba. Kuseri pepala linatuluka loyera bwino, lopanda chokayikitsa chilichonse, ndipo wolemba zilembo anakopera mwaluso lake lonse.

Kumanda ndinaliko. Ndinaima chakumbuyo pansi pa mtengo wa bulugamu, amayi ako ali kwa azimayi atakubereka. Mtanda unabwera wokulungidwa m'pepala la simenti, ndipo anaumasula dothi litawunjikidwa kale, nthawi yoika nkhata. Kwaya inali pakati pa nyimbo. Anayamba kusiya ndi a kutsogolo, kenako a pakati, mpaka kunatsala mayi mmodzi kumbuyo akuimba yekha, naye n'kuleka pakati pa mawu. Sindinamvepo manda ali zii chonchija anthu atadzaza. Mayi Mhango anali atagwada ndi nkhata yawo m'manja. Anadzutsa mutu, anawerenga dzina lawo pamtanda, pansi pake pali tsiku lomwalira, ndipo sanakuwe. Anangotembenukira mayi amene anawagwirira n'kunena m'Chitumbuka, motsitsa koma tonse tinamva:

"Ŵanilemba kale."

Amuna ena anazula mtanda uja n'kuthamanga nawo kugalimoto, ndipo madzulo omwewo kunabwera wina wolondola. Koma mayi aja anali ataona. Pomwepo ndinakumbukira a Nyirenda ali pageti ndi chipewa m'manja. Ndikanapita kushopu tsiku lomwelo n'kutsegula fayilo. M'malo mwake ndinapita kunyumba, n'kuuza amayi ako kuti mutu ukundiwawa.

Ukuwadziwa anthu athu. Pofika Lamlungu, nkhani inali itamera miyendo. Anthu anakumbukira kuti a Nyirenda anakanganapo ndi abusa aja pa za udindo mumpingo, ndipo anati munthu wophunzira chonchija sangalakwitse dzina mwangozi, anachita kuwalembera imfa mayi aja. Mawu oti ufiti sanachedwe kutuluka. Mwini shopu anawachotsa ntchito kuti makasitomala asathawe. Kumpingo anawaimitsa. Mawindo a nyumba yawo anaswedwa ndi miyala, akazi awo anabwerera kwawo ku Rumphi, iwo n'kukapeza kanyumba ku Kaning'ina, kumapeto kwenikweni kumene minda imakumana ndi nkhalango. Ine palibe anandiloza chala. Ndani akanaganizira mnyamata wa makompyuta wa tayi? Ndinakhala chete, ndikudziuza kuti sindikudziwa chimene chinachitika, pamene chimene ndinkachita n'kupewa njira ya ku Mzilawaingwe.

Mayi Mhango sanadzukenso bwinobwino. Amayi ako ankapita kukawaona ndi azimayi anzawo, n'kumabwera akunena kuti mayi aja akukana chakudya, akugawa zitenje zawo, ndipo akumafunsa aliyense wolowa kuti mtanda uja anausiya kuti. Kuchipatala anati ndi BP ndi shuga. Mwina zinalidi choncho, ine si dokotala. Anamwalira chimanga chisanaume m'munda.

M'mawa mwa tsiku lotsatira, mwini shopu anandiimbira kuti ndibwere msanga. Ndinapeza antchito onse ali panja pamvula, palibe wofuna kulowa. Mlembi watsopano anali atalemba dzina la mayi aja pa funso la womwalira, ndipo kompyuta inakana. Inayankha ndi mawu amene ndinawalemba ndekha, amene ndinkanyadira kuti amaletsa oda imodzi kulowa kawiri: Munthuyu analembedwa kale. Anayesa katatu, katatu konse inayankha chimodzimodzi. Ndinalowa ndekha. Munali fungo la vanishi, mabokosi atasanjikizana mpaka kudenga, ndipo pakona panali mtanda woyamba uja utayang'ana kukhoma, poti palibe analimba mtima kuuwotcha. Ndinatsegula fayilo, n'kutsika mpaka tsiku la maliro a abusa. Pa wooda panalembedwa kuti Mayi Busa. Sizinanditengere ngakhale mphindi imodzi kumvetsa zonse.

Apa ndiye pali cholakwa chimene sindingachitchule kuti ngozi. Ndinayang'ana kukhomo, ndinaona kuti palibe akundiona, ndinafufuta mzere uja. Ndinakonza pulogalamu mofulumira, ndipo nditatuluka ndinawauza kuti inali vairasi. Mwini shopu anagwedeza mutu ngati wamva, koma anaitanabe anthu odzapemphera, ndipo m'mapemphero awo dzina la a Nyirenda linatchulidwa ine ndili pomwepo nditatsinzina. Chifukwa choumira thabwa, mwini shopu uja anauza wolemba zilembo kuti angopala manambala pamtanda woyamba uja n'kulemba atsopano. Dzina silinafunike kukhudza. Mtanda umene unapita kumanda a Mayi Mhango ndi womwewo anauwerenga atagwada.

A Nyirenda akadali moyo. Ndi agogo aja tinawanyamula pagalimoto chaka chatha tikuchokera kokagula mbatata, amene iwe unawapatsa mpando wa kutsogolo, ndipo unandifunsa chifukwa chake ndinazimitsa wailesi. Ana a ku Kaning'ina mpaka pano amawoloka msewu akawaona. Potsika pagalimoto, agogo aja anagwira chitseko, n'kundiyang'ana ndi maso awo oyera ng'ala aja.

"Adada, ine mpaka lero sindidziwa chimene ndinalakwitsa pamakina paja. Ndinangolemba mwaulemu."

Ukudziwa chimene adadi ako anayankha? Ndinati makompyuta ndi ovuta. Iwo anati yewo chomene, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono kuti chisalire.

Tsopano tafika pa lero. M'mawa uja ukundionetsa pulogalamu yako, nkhope ikuwala, unandiuza kuti mbali yowerenga mayina unaitenga m'kope langa lakale limene unalipeza m'thiranki. Unanena ngati ukundipatsa mphatso. Kope limenelo ndinalilemba ndisanakonze pulogalamu ya kushopu ija, Tadala. Ndinkayesa kuti ndinalitaya. Ndinakuuza kuti wachita bwino, ndipo wachitadi bwino, sikirini yako ndi yooneka bwino kuposa zonse zimene ine ndinapangapo. Koma utangotuluka ndinatsegula laputopu yako pathebulo. Funso loyamba linati: Dzina la wobweretsa uthenga wa maliro. Ndinkafuna mawu anayi oyesera, ndipo zala zinangolemba mmene Katawa yense amanditchulira, osaganiza n'komwe. Bambo a Tadala Makwinja. Ndinadina Enter. Funso lachiwiri linathwanima n'kudutsa. Pamwamba pa sikirini, m'zilembo zako zokongolazo, panatuluka mzere woti Womwalira: Tadala Makwinja, ndipo pansi pake kamzere kakuphethira, kudikira kuti ndilembe tsiku.

Ine ndikudziwa chifukwa chake zinatero. Ndikhoza kukulozera mzere weniweniwo, ndi wa nambala khumi ndi zinayi kuchokera pamwamba. Palibe mzimu, palibe malodza, ndi mawu awiri amene anatsala pamzere basi. Ndinadziuza zimenezi mokweza m'nyumba ndili ndekha. Koma ndinapezeka ndili kuseri kwa nyumba pafupi ndi thanki ya madzi, ndikusanza, kamvula kakundinyowetsa msana. Pobwerera ndinadutsa pa chikwama chako chotseka chija, tikiti ya basi ili pamwamba pake, ndipo ndinalephera kuchiyang'ana. Zaka zonsezi mumtima mwanga ndinkawaimba mlandu Mayi Mhango kuti anadzipha okha ndi mantha a zinthu zopanda pake. Ine wodziwa mzere wake, wa kompyuta, ndagwa ndi dzina la pasikirini, pamene iwo analiwerenga pamtanda, atagwada pamanda a mwamuna wawo. Ndachita mantha, mwana wanga.

Ndikanatha kukukonzera mwakachetechete iwe usanabwere, osadziwa kanthu. Ndinachitapo zimenezo kamodzi, ndipo zakwana. Laputopu ndaisiya momwemo, ndangoitseka. Ukaitsegula udzaliona dzina lako, usadzidzimuke, ufufute wekha ndi dzanja lako. Kenako ukonze, koma yosakonzayi uisungenso pambali, tiifuna mawa. Werenga mzere wonse monga munthu waulembera, ngakhale utakhala ndi mawu asanu ndi awiri, ndipo dzina ulisunge lathunthu, usaliduledule kuti likwane m'mabokosi ako. Pa chaka ndi tsiku, werenganso mzere wonse, uone ngati zilidi nambala, ndipo zikakanika pulogalamu inene poyera kuti sinamve, ifunsenso munthuyo. Pasatsale kanthu kodikira funso lotsatira. Pomaliza ibwereze zonse pasikirini, mlembi awerengere anamfedwa mokweza, avomere, ndiye isunge. Ukatha usandipatse ine kuti ndiyese, upatse amayi ako, amene sangalembe dzina la munthu popanda ulemu wake ngakhale utawakakamiza.

Ku Blantyre ukakumana ndi anzako amene amati anthu ndi mbuli, sadziwa kudzaza mafomu. Udzamva kukoma kuseka nawo. Uzikumbukira kuti mwa ife tonse amene tinakhudza mtanda uja, amene analemba zoona zokhazokha ndi a Nyirenda. Pulogalamu yako ikadzavulaza munthu, ndipo tsiku lina idzalakwitsa ndithu, udzanene tsiku lomwelo, usanapite kunyumba kukagona ndi mutu wonamizira.

Basi yako ndi ya mawa madzulo, ndiye m'mawa tili ndi nthawi. Ine ndikupita ku Kaning'ina. Ndikawauza a Nyirenda chimene chinachitika, ndipo Lamlungu ndikaima kutchalitchi chawo chakale n'kunena zomwezo pamaso pa ana a Mayi Mhango. Amayi ako ndiwauza ukangomaliza kuwerenga, sakudziwa chilichonse. Sindikudziwa ngati agogo aja akandilole kukhala pansi. Ndikupempha kuti upite nane, utenge laputopu, uwaonetse ndi maso funso likudumphidwa, chifukwa ine pofotokoza ndikhoza kuyambanso kudzikometsera. Ukakana ndimvetsa. Ukafuna kukwera basi osandilankhula, ndimvetsanso, ndikunyamulira chikwama mpaka kudepoti ndili chete.

Jekete lofiira lija ulitenge, usamvere anzako kuti ku Blantyre kulibe chisanu. Mubasi ukhale chapakati, osati kutsogolo. Ndipo mukafika, kaya ndi nthawi yanji, usanditumizire meseji yoti wafika bwino. Lero ndawerenga zokwanira pasikirini. Undiimbire, Tadala, ndimve mawu ako.

Ndine adadi ako.